Mano a Achimwene Anga a Jokum

Achimwene anga a Jokum ankamva ndi mano. Makutu awo anafa ali mnyamata, mfuti ya bambo athu itawaphulikira pafupi ndi tsaya, moti polankhula nawo tinkachita kukuwa ngati tikuitana agalu. Koma akaima pa ayezi wa panyanja n'kuzika tooq yawo, mtengo wautali wa chitsulo kunsonga umene amuna amaboolera maenje owedzera, n'kuluma chogwirira chake ndi mano a kumbuyo, ankamva zimene ife a makutu awiri abwinobwino sitinkamva. Ankamva Khoma likusuntha. Mitengo inayi ya tooq anaitha ndi mano, ndipo wachisanu uli kuseri kwa chitseko changa mpaka lero.

Khoma ndi pamene chimtsinje cha ayezi chochokera kumtunda chimathera m'nyanja yathu, ulendo wa maola awiri pa chileyi cha agalu. Nsomba zonona za qaleralik zimakonda pansi pake penipeni, ndiye nyanja ikaundana mwamuna aliyense amafuna dzenje lake likhale pafupi kuposa la mnzake. Koma Khoma likagumula chidutswa, funde limathamanga kunsi kwa ayezi amene anthu aimapo n'kumuswa ngati mbale yadothi. Agogo athu aamuna anapita choncho, pamodzi ndi agalu awo khumi ndi awiri.

A Jokum ankalinena Khomalo ngati akunena mnansi wovuta. "Lakhala pa mwala pansi pa madzipo," ankatero. "Nyanja ndi munthu wotsamira chitseko. Madzi akamadzaza, chitseko chagwidwa, wedzani mosatekeseka. Akayamba kuphwa, wotsamira uja watopa, Khoma limasendera kuno. Masiku wamba limasendera pang'ono chabe. Koma mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, madzi amaphwa kwambiri, ndiye pamenepo musamalipatse msana."

Za mwezi ndi madzizo aliyense ankazidziwa, poti mng'alu wa m'mphepete mwa gombe umaonetsa: ayezi amakwera madzi akamadzaza, n'kutsika akamaphwa. Chimene ankadziwa iwo okha chinali tsiku lake. Nthawi zambiri Khoma limangong'ung'udza osagwetsa kanthu, ndipo munthu wothawa kung'ung'udza kulikonse ana ake agona ndi njala. Mano awo ndiwo ankasiyanitsa kung'ung'udza ndi kugumuka. Akalavula mtengo uja n'kunena kuti tiyeni, amuna ankadula zingwe osafunsa.

Zaka makumi atatu ndi zinayi palibe anafera pa Khoma. Uwedzi wawo wokha, ndinene zoona, unali wochititsa manyazi. Anzawo akukoka nsomba, iwo ali chilumire mtengo, maso atatsinzina, malovu akuundana m'ndevu. Koma pobwerera kumudzi aliyense ankaponya nsomba imodzi kapena ziwiri pa chileyi chawo osanena kanthu. Akazi awo a Hansigne atamwalira, poti mwana analibe, ankadya kwathu. Amuna anga a Pavia ndi amene anawaikira mpando pafupi ndi mbaula, ndipo mwana wokhala pampando umenewo ankathamangitsidwa.

A Pavia anali munthu wamantha ndipo sankabisa. Dzenje lawo linkakhala kumbuyo kwa onse. Gaba, mnzawo wapakamwa, ankawanena tsiku ndi tsiku. "A Pavia, bwanji osangowedzera m'ndowa ya kunyumba?" Iwo n'kuyankha kuti, "Nsomba zanga n'zowonda, koma ndidzadya ndekha mpaka ukalamba. Zakozo adzadya ndi amene adzalowe m'nyumba mwako." Ine mantha amenewo ndinkawakonda. Akazi anzanga akamaima pawindo kuwerenga zileyi zobwerera, ine ndinkangokhala n'kumasoka.

Chinawawononga achimwene ndi shuga. Ankaika mbulu wa shuga pakati pa mano n'kumamwera khofi pamenepo, monga ankachitira amayi athu, makapu khumi patsiku. Ine pakamwa panga sipachedwa. "Achimwene, mano amenewo si anu nokha, ndi a mudzi wonse!" Iwo n'kuloza khutu, "Wati chiyani?" Zabodza zokhazokha. Ukanena za shuga ankagontha kawiri, koma ukatchula nthiti zotsala mumphika ankatembenuka msanga.

Chaka china m'nyengo ya dzuwa Khoma linabwerera m'mbuyo kuposa mmene tinaonerapo, mpaka panatulukira thanthwe lakuda limene ngakhale nkhalamba sizinkalidziwa. Nyanja itaundananso, a Jokum anakaluma kawiri katatu n'kubwera nkhope itagwa. "Likulankhula zachilendo," anauza a Pavia ine ndikupakula. "Likumalira madzi akudzaza, nthawi imene limayenera kugona. Ndilimvetsere mwezi umodzi kapena iwiri, ndilidziwa."

Mwezi umodziwo sanaupeze. Mu Febuluwale tsaya lawo linatupa ngati mwabisidwa dzira la bakha, mafinya akununkha chipinda chonse. Dokotala wa mano amabwera kwathu kamodzi pachaka pa helikopita n'kuika mpando wake m'kalasi ya ana. Atayang'ana m'kamwamo anapukusa mutu, n'kunena kuti akawasiya choncho matendawo alowa m'magazi ndipo Pasaka saiona. Dokotala wachitsikanayo sindimuimba mlandu, ananena zoona. Anazula khumi ndi limodzi, onse amene anatsala. Beseni ndinagwira ine.

Mano oikirira anabwera m'kabokosi patatha milungu isanu. Tsiku loyamba kuwavala, amuna onse anasonkhana kugombe ngati kuli ukwati.

"Sekani tione, a Jokum!" anakuwa Gaba. "Eee, koma mwasanduka mnyamata! Akazi amasiye atseke zitseko!"

A Jokum anazika tooq, n'kuluma, n'kutsinzina nthawi yaitali. Kenako anati, "Awa ndiye akumva kuposa akale aja." Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba nawo, chitsiru ine.

Patapita masiku atatu ndinazungulira kuseri kwa thandala kukatenga nsomba zouma. Ndinapeza achimwene atagwada pa mng'alu wa kugombe, pamene ayezi amakhulana n'kumalira moti ngakhale mwana amamva ndi mapazi. Mano oikirira aja anali pambali, pa chipale chofewa. Ankaluma tooq ndi nkhama zokhazokha, magazi akutsika ndi mtengo n'kumaundana asanafike pansi.

Ndinawakokera m'kanyumba kosungira chakudya cha agalu n'kutseka chitseko, poti ndi iwo nkhani yachinsinsi inkafuna makoma.

"Simukumva!" ndinakuwa m'khutu lawo lamanzere, limene linatsalako pang'ono.

"Ndikumva pang'onopang'ono."

"Achimwene, ndine Bolethe, si Gaba. Simukumva."

Anakhala pa thumba la nsomba zouma. "Zili ngati kuluma nsapato," anatero. "Palibe chikubwera. Ndi awa palibe, ndi nkhama palibe."

"Ndiye mukawauze."

"Ndikawauze kuti chiyani? Mwezi ndimaudziwa, madzi ndimawadziwa, Khoma ndakhala nalo kuposa mmene ndinakhalira ndi Hansigne. Nkhama zikalimba ndiyambanso kumva. Ukawauza iwe, ine ndikhala ndani? Nkhalamba yogontha yodya kwa mlamu wake." Anandigwira mkono ndi manja onse awiri. "Mlongo wanga, undipatse mpaka nyanja isungunuke. Basi."

Munthu amene anandinyamula kumsana kupita kusukulu chipale chikafika m'mawondo, pakamwa pali magazi, akundipempha ngati mwana. Ndinalonjeza. Amati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo ndi zoona. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho ndimadana nacho mpaka lero.

Chinsinsicho ndinachisunga masiku awiri okha. Tsiku lachitatu, tikuika nyambo pa mbedza pakhomo, ndinawauza a Pavia. Sanadabwe ngati mmene ndinkayembekezera. Anapitiriza kukoleka nyambo, mbedza ndi mbedza.

"Musunthe dzenje lanu libwere kufupi ndi gombe," ndinatero. "Koma musauze munthu. Ndinalonjeza."

"Iwe Bolethe, dzenje langa lili kale kumbuyo kwa onse. Ndikalibwezanso, Gaba afunsa kuti mlamu wa a Jokum wadziwa chiyani."

Gabayo anali atayamba kale kununkhiza. Anali ataona mzere wa dothi pa Khoma ukukwera ndi kutsika pathanthwe la pambali, madzi akamadzaza ndi kuphwa. Anazinena m'sitolo anthu ali odzaza. "A Jokum, Khoma lanulo latsika pamwala paja. Likuyandama. Mano atsopanowo sanakuuzeni?" Achimwene anayankha kuti, "Khoma si bwato, iwe." Ena anaseka, ena sanaseke. Mlungu umenewo amuna awiri anadutsa chileyi chawo osaponyapo nsomba, ndipo iwo anabwera kwathu n'kukhala pampando wawo osakhudza chakudya.

Mawa lake a Pavia anakaboola dzenje kutsogolo kwa onse. Ndinamva kwa mkazi wa Gaba, akuseka, eti amuna anu adya chiyani. Atalowa m'nyumba sindinawadikire avule nsapato.

"Mwapenga kodi? Ndakuuzani kuti mubwerere m'mbuyo, inu n'kukapsompsona Khoma?"

"Akaona wamantha ine ndili kutsogolo, atseka pakamwa," anatero. "Yatsala milungu itatu yokha nyanja isungunuke. Alamu andibweza kunyumba wamoyo zaka makumi atatu. Sindingaonerere akusekedwa ndi Gaba pakati pa shuga ndi sopo."

"Ndiye mufere manyazi a munthu wina?"

"Ndani wanena za kufa? Madzi akangoyamba kuphwa ndizichoka woyamba. Kuthawa ndiye ntchito yanga, umandidziwa." Anaseka. Ndinawagenda ndi nsanza yopukutira mbale.

Kuchokera pakhomo pathu kukafika kusitolo pali nyumba zinayi. Ndikanatha kuyenda n'kukakuwa mawu awiri okha: achimwene sakumva. Tsiku lililonse ndinkati mawa, ndipo tsiku lililonse zileyi zinkabwerera zonse, zodzaza ndi nsomba, ya a Pavia kuposa zonse. Gaba anatsekadi pakamwa, ndipo nsomba zinayambanso kugwera pa chileyi cha achimwene.

Mwezi wa Epulo utakhala wathunthu ndinalephera kukhala m'nyumba. Ndinakwera pa chileyi cha achimwene, ndikunamizira kuti ndikathandiza kutumbula nsomba. Tinali zileyi zisanu ndi ziwiri. Kunali dzuwa loboola maso, mphepo kulibe. Titafika, a Jokum anazika tooq n'kuluma ndi mano awo abodza aja, amuna ali chete kuwazungulira. Ine ndinayang'ana kumbali.

"Madzi akudzaza mpaka masana," anatero. "Wedzani. Akatembenuka tichoke, osazengereza."

Amuna anabalalika, aliyense kudzenje lake. A Pavia anapita kutali kutsogolo mpaka anaoneka ngati khwangwala pansi pa Khomalo. Ine ndi achimwene tinatsala pafupi ndi mlomo wa thanthwe pamene timawiritsira khofi. Pa mng'alu wa pamenepo madzi ankatumphuka n'kuyenderera pamwamba pa ayezi, chizindikiro choti adzaza kwambiri. Mwa malamulo akale, imeneyo inali nthawi yabwino kuposa zonse.

Dzuwa lisanafike pamutu agalu athu anadzuka onse pamodzi. Sanauwe. Anangoima, makutu atagona, michira pansi, akuyang'ana ku Khoma. Agalu a Gaba nawonso anadzuka, kenako ena onse. Achimwene anawaona. Analuma tooq, anasuntha, analumanso, mpaka mano oikirira aja anagwera pa ayezi. Anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona kuti sakudziwa kanthu.

"Chokani!" anakuwa. "Dulani zingwe!"

Gaba, amene anali pafupi, anakweza mutu. "Madzi akadali kudzaza, a Jokum! Mwati masana!"

"Sindikumva kanthu!" Mawu awo ankatuluka ophwanyikaphwanyika, m'kamwa mopanda mano. "Chizulireni mano sindinamvepo kanthu! Ndakhala ndikukunamizani! Onani agalu, thawani!"

Mawu amenewo ndiwo anawapulumutsa. Akanati ndamva, ena akanatsutsa kuti madzi sanatembenuke. Koma kumva a Jokum akunena kuti sakumva, amuna anadula zingwe za mbedza mazanamazana ngati akudula ulusi. Wina ankakuwira wina, zileyi zikutembenuka.

A Pavia anali kutali, mawu sanawafike. Ndinakwera pathanthwe n'kuvula chovala changa chofiira, ndikuchizunguza, ndikukuwa mpaka kukhosi kunang'ambika. Anandiona. Anaona anzawo akuthawa. Anayang'ana kugombe kumene madzi anali akukwerabe, n'kutembenukira kumene kunali achimwene, n'kukweza tooq yawo m'mwamba kuti aliyense aone. Ndikudziwa chimene ankaganiza. Ankaganiza kuti Gaba wayambitsanso zake, kuti amuna akuwathawa alamu awo pamaso, ndipo iwo ankaonetsa kuti mmodzi watsala. Kenako anawerama n'kupitiriza kukoka chingwe.

Achimwene anayamba kuthamanga wapansi kupita kumeneko, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, akugwa n'kudzuka. Gaba anawadutsira ndi chileyi, n'kuwagwira pakhosi pa malaya, n'kuwaponyapo ngati thumba. Ankamumenya Gabayo njira yonse.

Khoma silinagumuke kutsogolo monga linkachitira zaka zonse. Linathyoka kumbuyo, kutali mkati, pamene madzi analinyamula n'kulipinda. Kunamveka ngati mfuti zonse za m'mudzi zalira m'chipinda chimodzi. Mbali yonse ya kutsogolo inatukuka pang'onopang'ono n'kugadabuka chagada, pansi pake pobiriwira pakutuluka m'madzi. Ndinaona ayezi wa panyanja akutupa, mtumbira ukuthamanga kubwera kuno, kumbuyo kwake zonse zikusweka. Agalu a amuna anga anathamanga okha ndi chileyi chopanda munthu. A Pavia anali ataimirira, chingwe chikadali m'manja. Mtumbirawo utadutsa panalibe munthu, panalibe agalu, panali phala la ayezi likuwira.

Zileyi zisanu ndi chimodzi zinakwera pathanthwe funde lisanafike. Madzi anatinyowetsa mpaka m'chiuno n'kutenga ketulo ya khofi. Gaba anali atakhalira achimwene pamsana kuti asadziponye.

Mtembo sitinaupeze. Tinaimba m'tchalitchi popanda bokosi, ndipo titatuluka anthu anadzaza m'nyumba mwanga kudzamwa khofi monga mwa mwambo. Mudzi wonse unali mmenemo, ena ataima m'khonde. Palibe anawanyoza achimwene, palibenso anawalankhula. Anakhala pampando wawo pafupi ndi mbaula, masaya atalowa mkati, poti mano oikirira aja anatsala pa ayezi. Ndinawapatsa msuzi wa mpunga umene ndinauphwanya ndi supuni kuti athe kumeza.

Anthu ankalankhula motsitsa. Mkazi wina anati chakudza sichiimba ng'oma. Ndinafuna kumuthira khofi kumaso, poti chimenechi chinaimba miyezi iwiri m'nyumba mwanga momwe.

Kenako achimwene analankhula, ndi mawu awo aakulu a munthu wosadzimva.

"Bolethe, chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo. Alamu ankaliopa Khoma kuposa tonse. Zaka makumi atatu ali kumbuyo. Chinawapititsa kutsogolo n'chiyani?"

Ndinali nditanyamula ketulo. Ndinayankha motsitsa, maso ali pansi.

"Ankadziwa, achimwene. Ndinawauza."

"Wati chiyani?" Anatchera khutu lamanzere ndi dzanja. Ulendo uno sankanamizira.

Ndinaika ketulo pansi. Mawu otere amayenera kunong'onedwa, anthu awiri okha, chitseko chotseka. Koma ndi achimwene anga kunong'ona kunalibe. Ndinawerama pakhutu lawo, pamaso pa Gaba, pamaso pa abusa, pamaso pa ana anga, n'kukuwa ngati ndikuitana agalu.

"Ankadziwa kuti simukumva! Ndinawauza ine! Anapita kutsogolo kuti anthu asakusekeni!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anaika mbale ya msuzi pansi bwinobwino kuti isatayike, n'kudzuka, n'kutuluka. Anthu anawapatukira. Tooq yawo anaisiya kuseri kwa chitseko changa ndipo sanaifunsenso.

Mawa lake masana anabwera kudzadya, poti akanapita kuti? Anakhala zaka zina zinayi. Tsiku lililonse ndinkawaphwanyira chakudya ndi supuni, ndipo tsiku lililonse ankachidya ataima pafupi ndi chitseko, chipewa chili kumutu. Pampando umene a Pavia anawaikira sanakhalenso.